Makalata ofunsira ntchito onse akufanana chifukwa cha ChatGPT, nde musankha bwanji munthu osataya miyezi itatu?

Amene mwakhalapo pa panelo yolemba anthu ntchito zaka ziwiri zitatu zapitazi mukudziwa zomwe ndikunena. Mumatulutsa vakansi Lolemba, kaya mu Nation, kaya mu Daily Times, kaya pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lofunsirapo ntchito, wina nkuyijambula nkuyiponya m'magulu a WhatsApp, pofika Lachisanu imelo yadzadza mpaka simukudziwa poyambira. Nde mukayamba kutsegula makalatawo mupeza kuti onse ndi okoma, chizungu chosalala chopanda pothyoka, aliyense ndi wolimbikira, aliyense amagwirizana ndi anzake, aliyense wakhala akulakalaka kugwira ntchito ku bungwe lanu kuyambira kalekale, ndipo mawu omwe munalemba mu vakansi aja akubwererani onse mwandondomeko yake. Kale kalata imakuuzaniko kenakake za munthu, umatha kuona kuti uyu anakhala pansi nkuganiza, uyu wangokopera ya mnzake mpaka kuiwala kusintha dzina la kampani. Chibwerereni ChatGPT, pulogalamu ya AI (nzeru za makina) yomwe imakulemberani zomwe mwaiuza, mu November 2022 zimenezo zinatha. Ndipo si kuno kokha, mu 2025 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti pa LinkedIn pokha pamadutsa makalata ofunsira ntchito pafupifupi 11,000 pa mphindi imodzi, chifukwa pano kuli mpaka mapulogalamu omwe amafunsira okha ntchito m'malo mwa munthu iye akugona.

Ndisanapite patali ndinene kuti ine sindikwiyira ofunsira ntchitowo ayi. Mwana wamaliza ku UNIMA kapena ku MUBAS, wakhala pakhomo zaka zitatu, walemba makalata osawerengeka osayankhidwa ngakhale imodzi, nde wapeza chinthu chomuthandiza kukonza chizungu chake kwaulere pa foni, mukufuna atani? Kale anthu timapita kwa amalume omwe ndi aphunzitsi kuti atikonzere kalata, ena amalipira munthu wa pa intaneti kafe kuti awatayipire CV, ndi zomwezo basi. Vuto lili kwa ife olemba ntchito, tikugwiritsabe kalata ndi CV ngati umboni pomwe pano zangokhala chikomekome cha mkuyu. Nde zomwe ndikufuna kukuonetsani ndi izi: poyambirira pepukitsani zinthu kuti ziziyenda msanga, nthawi yanu yambiri muisungire pomwe munthuyo akuyenera kuyankha yekha ndi pakamwa pake komanso kugwira ntchitoyo inu mukuona.

Yambani vakansi isanatuluke. Khalani pansi ndi amene adzakhale bwana wa munthuyo tsiku ndi tsiku, osati a HR okha, mumufunse kuti miyezi itatu yoyamba munthuyu adzakhala akupanga chani kwenikweni. Mulembe zinthu zitatu kapena zinayi basi. Ngati ndi wothandizira ku akaunti mwina ndi kufananiza ndalama za m'mabuku ndi za ku banki, kukonza malipiro a mwezi, kusunga malisiti mwadongosolo kuti ma odita akabwera musamathamangethamange. Ngati ndi wa kufildi ku Nsanje ndiye kuti akhale ndi laisensi ya njinga yamoto, azilankhula Chisena, komanso avomere kukhala komweko osati kumagona ku Blantyre. Zimenezi muzilekanitse ndi zija zongokometsera, chifukwa mavakansi athu ambiri amakhala ndi mndandanda wa zinthu 15 zokopera pa vakansi ya bungwe lina, ndipo mndandanda wotero ndi chakudya cha ChatGPT, imangotenga chilichonse nkuchisandutsa chiganizo chokoma.

Ndipo chonde lembani malipiro. Ndikudziwa mabwana ambiri safuna, amati tikambirana pa intavyu, koma mukalemba kuti ndalama yake ndi yakuti mpaka yakuti, malo ake ndi akuti, kontrakiti ndi ya chaka chimodzi, anthu ambiri omwe sakanavomera amadzichotsa okha osakutayitsani nthawi. Palibe chowawa ngati kudutsa ndondomeko yonse, kusankha munthu, kenako iye nkukana chifukwa komwe ali akulandira zoposa zanuzo.

Chachiwiri, siyani kulandirira pa imelo ngati mungathe. Pangani fomu, olo ya Google Forms yomweyi yaulere, mayankho ake amagwera okha mu tebulo longa la Excel ndipo mutha kusefa ndi batani limodzi. Pamwamba muike mafunso a eya kapena ayi pa zinthu zomwe popanda izo ntchitoyo singatheke: muli ndi laisensi, munalembetsa ku Nurses and Midwives Council, mungakhale ku Karonga, malipiro awa mukuwavomera. Musaikepo zinthu zomwe mukungozifuna mwa chizolowezi, monga zaka zisanu za luntha pa ntchito yomwe munthu angaiphunzire mwezi umodzi, mutaya anthu abwino pachabe. Fomuyo ikhale yaifupi yoti munthu amalize pa foni bandulo isanathe, ndipo musamauze anthu kuti atumize masatifiketi odinda kwa a Commissioner for Oaths pa siteji imeneyi, nkuwalipiritsa ndalama anthu mazana pomwe inu mudzayang'ana mapepala a anthu atatu okha. Ntchito zina monga ulonda kapena za m'munda siyani khomo la envelopu lotsegula, si onse ali ndi foni ya intaneti.

M'malo mwa kalata yofunsira ntchito ija ikani mafunso awiri, akachuluka atatu, ofunsa zomwe munthuyo anachitapo yekha. Osati "nchifukwa chani mukufuna ntchitoyi", limenelo AI imayankha bwino kuposa tonsefe. Funsani chonchi: tiuzeni za tsiku lina lomwe ndalama za m'buku sizinagwirizane ndi za ku banki, kunali kuti, munapeza bwanji pomwe panalakwika, ndipo ndani angachitire umboni. Muike malire, mawu 150 akwana. Mwina mukuti nanga si atha kufunsanso ChatGPT yomweyo kuti iwapekere nkhani? Atha kumene. Koma nkhani yopeka ija adzayenera kuifotokozanso pa foni inu mukufunsa zamkati mwake, nde apo mpomwe zimaonekera, tifikapo. Pa fomupo lembani poyera kuti kugwiritsa AI pokonza chilankhulo palibe mlandu, koma chilichonse chomwe mwalemba tidzakufunsani ndipo tidzafufuza. Chiganizo chimodzi chimenecho chimabweza anthu ambiri ofuna kunama. Ndipo ngati ntchitoyo sikufuna chizungu chambiri, aloleni ayankhe m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mudzadabwa mmene anthu amafotokozera bwino ntchito yawo akamalankhula chinenero chawo.

Pano ndiime kaye pa nkhani ya mapulogalamu aja omwe amati amazindikira ngati kalata yalembedwa ndi AI, chifukwa ndaona anzanga ena ayamba kuwadalira ndipo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Musawagwiritse ntchito potaya munthu. OpenAI yeniyeniyo, eni ake a ChatGPT, inatulutsa chida chotere mu January 2023 nkuchichotsa mu July chaka chomwecho chifukwa chimalakwitsa kwambiri. Choopsa kwa ife ndi ichi, ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America mu 2023 anatenga nkhani zolembedwa ndi anthu enieni pa mayeso a chizungu otchedwa TOEFL, anthu oti chizungu si chinenero chawo chobadwa nacho, nkuziika mu zida zisanu ndi ziwiri zotere, ndipo zoposa theka zinanenedwa kuti zalembedwa ndi AI, pomwe nkhani za ana a sukulu a ku America zimadutsa bwinobwino. Chifukwa chake nchakuti zida zimenezi zimakayikira chizungu chosavuta chobwereza mawu odziwika, chomwe ndi chizungu chomwe ambirife tinaphunzira kusukulu. Ndiye kuti mtsikana wa ku Ntcheu yemwe wakhala usiku wonse kulemba yekha ndi amene angagwidwe, pomwe wochenjera yemwe wauza AI kuti isinthe kalembedwe wadutsa.

Nanga inuyo kugwiritsa AI posefa? Ndikumvetsa chikoka chake, ma CV mazana, inu muli awiri mu ofesi, nde kungowaponya onse mu ChatGPT nkuiuza kuti ndipatse khumi abwino kumaoneka ngati chipulumutso. Koma taonani zomwe zinachitikira ena. Kampani yaikulu ya ku America ya Amazon inayamba kupanga chida chotere cha m'ma 2014, inachiphunzitsa ndi ma CV omwe inalandira pa zaka khumi, ambiri mwa iwo a amuna, chidacho nkuphunzira chokha kuti mwamuna ndiye woyenera mpaka kumachotsera mamalikisi CV yomwe muli mawu otchula za amayi, monga kukhala kaputeni wa timu ya atsikana. Bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linaulula nkhaniyi mu 2018, ndipo Amazon inali itachisiya. Kampani ina yophunzitsa chizungu pa intaneti, iTutorGroup, mu 2023 inavomera kulipira $365,000 ku America chifukwa pulogalamu yake imangokana yokha amayi a zaka 55 kupita mtsogolo ndi abambo a zaka 60 kupita mtsogolo, anthu oposa 200. Pofuna kupewa zoterezi mzinda wa New York kuyambira July 2023 umafuna kuti zida zotere ziziunikidwa ngati sizikukondera, ndipo lamulo la AI la European Union lomwe linayamba mu August 2024 linaika zolemba anthu ntchito m'gulu la zinthu zoopsa zofunika kuziyang'anira kwambiri. Kwathu kuno Employment Act ya 2000 imaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chinenero, chipembedzo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja ndi zina, ndipo mlandu ukabwera simudzanena kuti inasankha ndi kompyuta, wosankha ndinu. Palinso Data Protection Act ya 2024, CV ya munthu ili ndi nambala yake ya foni, tsiku lobadwa, komwe amakhala, mayina a ma referee ake, si chinthu chongoponya mu pulogalamu yaulere yomwe simukudziwa kuti imasunga kuti zinthuzo.

Palinso kachinyengo kena kakuti ena amabisa mawu m'CV ndi zilembo zoyera zosaoneka ndi maso, kaya mawu onse a mu vakansi, kaya lamulo louza AI kuti inene kuti uyu ndi woyenera. Munthu sangazione koma makina amawerenga. Mukakayikira, sankhani zonse mu fayiloyo ngati mukufuna kukopera, zobisikazo zionekera.

Sikuti AI musaikhudze ayi. Ine ndimaona kuti imathandiza pa ntchito za m'mbali: kukuthandizani kuganiza mafunso a intavyu, kukonza pepala lopatsira mamalikisi, kulemba uthenga woyankha anthu, kupeka zitsanzo za malisiti oti mugwiritse pa mayeso. Ngati bungwe lanu lili kale ndi pulogalamu yosefa, bola muzipanga ichi nthawi zonse: tengani ma CV 20 mwachisawawa pa mulu wa okanidwa, muwerenge ndi maso. Mukapezamo awiri atatu oti akanayenera kudutsa, dziwani kuti sefa yanuyo yabooka ndipo muyikonze musanapitirire.

Tsopano kuwerenga. Tiyerekeze mwalandira anthu 400. Mukati muwerenge CV ndi kalata ya aliyense mphindi zisanu, ndi maola oposa 33, pafupifupi sabata yathunthu osapanga china chilichonse, ndipo tinene zoona palibe amene amawerengadi choncho, pofika pa nambala 60 maso atopa munthu amangoyang'ana dzina la sukulu ndi dzina la bambo. Koma mafunso a eya kapena ayi aja akakuchotserani ena nkutsala mwina 120, inu nkuwerenga mayankho awiri afupiafupi aja mphindi zitatu aliyense, ndi maola 6. Muwerenge anthu awiri, aliyense payekha, mayina ndi zithunzi mutabisa, mu tebulo muja ndi kungobisa mzere wa mayina basi. Mamalikisi akhale osavuta, 0 ngati yankho lilibe chenicheni, 1 ngati lili pakatikati, 2 ngati munthu watchula malo, nthawi, chomwe anachita iyeyo ndi chomwe chinatsatira. Kukoma kwa chizungu musakupatse malikisi pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yolemba. Pomwe awirinu mwasiyana kwambiri mpomwe mukambirane, pena paliponse pitirirani. Kubisa mayinaku kumathandizanso pa vuto lathu lija lakale la mwana wa a ujeni, foni ikabwera kuchokera kumwamba mumangoyankha kuti pa siteji ino sitikuona mayina.

Mukatsala ndi anthu 15 kapena 20, aimbireni foni. Apa ndi pomwe ine ndimaikapo mtima kwambiri chifukwa mphindi khumi za pa foni zimandiuza zambiri kuposa masamba anayi a CV. Mutumize kaye meseji dzulo lake kuti mawa cha m'ma 10 tidzaimba, kuti munthu atchaje foni ndi kupeza malo a netiweki, musamudzidzimutse ali mu minibasi. Akapanda kuyankha yesaninso kawiri, mavuto a magetsi ndi netiweki tonse timawadziwa. Mafunso ake ndi ochokera pa zomwe analemba yekha. Munati munapeza pomwe ndalama zinasowa, inali ndalama zingati, munayamba kuyang'ana pati, bwana wanu anati chani, mutabwerera lero mungasinthe chani? Funsani funso limodzi kenako mulikumbe katatu. Munthu amene anagwiradi ntchitoyo amakumbukira tizinthu tating'onoting'ono topanda ulemerero, akuuzani kuti lisiti lake linali litanyowa, kuti anachita kukwera kabaza kupita ku banki, kuti anakangana ndi wa sitolo. Wopeka amabwerera ku mawu akuluakulu omwe aja, kapena mumva kachetechete kenako yankho losalala ngati akuwerenga.

Ndikukumbuka pa ntchito ina yomwe ndinali nawo pa panelo, panali mayi wina yemwe yankho lake pa fomu linali lachizungu chothyokathyoka, mnzanga anali atamupatsa 1 ine 2, tinagwirizana kuti timuimbire basi. Pa foni anatifotokozera mmene amasungira buku la katundu pa sitolo ya zipangizo zaulimi, mpaka mmene anagwirira kuti matumba a feteleza akuchepa pakati pa galimoto ndi nyumba yosungira, ndipo anafotokoza mwadongosolo loti aliyense m'chipindamo anangoti zii kumvetsera. Tikanatsata kukoma kwa kalata sakanafika olo pa shotilisiti. Koma chenjezo, anthu ena ndi amanyazi pa foni makamaka akamva kuti akulankhula ndi mabwana, nde muyambe ndi moni wabwino, mumuuze kuti apume, asankhe chinenero chomwe akufuna. Mukufufuza ngati nkhaniyo ndi yake, simukuyesa kulimba mtima.

Otsala asanu kapena asanu ndi mmodzi muwaitane, ndipo mayeso ogwira ntchito ndi intavyu zichitike tsiku limodzi kuti munthu wochokera ku Mzuzu asakwere basi kawiri. Mubwezereni thiransipoti ngati bungwe lingathe, ndipo munene pomuitana pomwepo kuti mubweza kapena ayi. Mayesowo akhale kachidutswa ka ntchito yeniyeniyo, mphindi 45 kapena ola. Wa akaunti mumupatse sitetimenti ya ku banki ndi buku la ndalama zomwe mwabisamo zolakwika zitatu. Dalaivala ayendetse galimoto, abwerere chammbuyo, akuonetseni zomwe amayang'ana mmawa asananyamuke. Mphunzitsi aphunzitse mphindi 15. Wa kufildi mumuuze kuti afotokozere gulu la alimi nkhani inayake m'chinenero cha kuderalo inu mukhale alimiwo. Mayeso opita nawo kunyumba aja pano alibenso phindu, simudziwa kuti walemba ndani, komanso ena amawagwiritsa ntchito molakwika kupezera ntchito yaulere kwa anthu osowa, monga kuuza ofunsira kuti alembe pulopozo yathunthu. Zimenezo nzosayenera.

Ngati pa ntchitoyo munthu azidzagwiritsa AI ndithu, monga wolemba malipoti kapena wa zofalitsa nkhani, musamuletse pa mayeso, muyeseni pomwepo. Njira yomwe ndimaikonda ndi kumupatsa lipoti lomwe AI yalemba, lokoma bwino koma muli manambala osagwirizana ndi tebulo lomwe mwamupatsa, muli dzina la boma lolakwika, muli chiganizo cholonjeza zomwe bungwe silingachite, nde mumuuze kuti alikonze lisanapite kwa opereka thandizo. Amene amangokhulupirira chilichonse chotuluka mu kompyuta aonekera, amene amawerenga ndi mutu wake aonekeranso, ndipo wachiwiriyu ndi amene mukumufuna.

Pa intavyu penipeni, mafunso akhale omwewo kwa aliyense, mu ndondomeko yomweyo, ndipo mugwirizane kale kuti yankho labwino likhala ndi chani. Izi si maganizo anga chabe, mu 2022 wofufuza wina wa ku America, Paul Sackett, ndi anzake anaunikanso kafukufuku wa zaka zambiri wa njira zosankhira anthu ntchito, ndipo intavyu yokonzedwa chonchi inatuluka pamwamba pa njira zolosera mmene munthu adzagwirire ntchito, kuposa kungowerenga zaka zomwe wagwira. Intavyu yongocheza ija, yoti aliyense wa pa panelo afunse chomwe chamubwerera, imasankha munthu wofanana ndi ife, wolankhula ngati ife, basi. Mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi akwana, anthu atatu pa panelo akwana. Aliyense alembe mamalikisi ake payekha munthu akangotuluka, musanayambe kukambirana, ndipo wamkulu pa onse alankhule pomaliza. Ichi nchofunika kwambiri kwathu kuno chifukwa bwana akangoti uyu wandisangalatsa, palibe wachinyamata amene angatsutse, aliyense amangoti nzoona bwana. Ndipo amene ali ndi mbale kapena mnzake pa ofunsirawo anene poyamba nkutuluka pa nthawi ya munthu ameneyo.

Kufufuza mapepala kubwere kumapeto, kwa awiri kapena atatu omwe mukuwaganizira, apa nde musachite ulesi ngakhale pang'ono chifukwa satifiketi yabodza pano ikupangidwa mosavuta kuposa kale. Aonetse mapepala enieni ndi chiphaso cha unzika, nkhope muifananize. MSCE mutsimikize ku MANEB, digiri mulembere ofesi ya registrar ya sukulu yomwe yatchulidwa, ya kunja mufunse ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, namwino ku Nurses and Midwives Council, dokotala kapena kiliniko ofesa ku Medical Council of Malawi, wa akaunti yemwe akuti ndi membala wa ICAM, bungwe la akatswiri a za akaunti, mufunse komweko. Ma referee musangoimba nambala yomwe yalembedwa pa CV, pezani nokha nambala ya ofesi ya bungwelo mufunse kuti mulankhule ndi munthuyo, chifukwa nambala ya pa CV itha kukhala ya msuweni. Makalata a umboni olembedwa pano ndimangowaona ngati makalata ofunsira ntchito aja, onse okoma. Pa foni funsani zenizeni: amagwira ntchito yanji, kuyambira liti mpaka liti, nkhani ija anatiuza ya ndalama zosowa mukuikumbukira, mpata utapezeka mungamulembenso? Pa funso lomalizali mvetserani kwambiri kachetechete kamene kamabwera yankho lisanatuluke. Koma komwe munthu akugwira panopa musaimbe asanakuloleni, mungamuchotsetse ntchito inu musanamupatse yanu.

Amene mukulemba anthu ogwira ntchito ali kutali, oti simudzakumana nawo, samalani kawiri. Mu July 2024 kampani ya ku America yotchedwa KnowBe4, yomwe ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu chitetezo cha pa kompyuta, inaulula yokha kuti inalemba injiniya yemwe anadutsa ma intavyu anayi a pa vidiyo ndi kufufuzidwa konse, koma anali munthu wa ku North Korea wogwiritsa ntchito dzina lakuba la nzika ya ku America ndi chithunzi chokonzedwa ndi AI. Anamugwira atangolandira kompyuta ya kampani nkuyamba kuikamo mapulogalamu oononga. Ngati zinachitikira akatswiri a chitetezo, ndiye kuti kamodzi kokha munthu aonekere pamaso pa wina yemwe mumamukhulupirira ali ndi chiphaso chake m'manja, olo akhale mnzanu wa bungwe lina mu mzinda womwe iye ali. Pa vidiyo kamera ikhale yoyaka, ndipo mukaona maso akuyendayenda ngati akuwerenga ndipo yankho lililonse likuchedwa kaye masekondi angapo, musamuweruze msanga poti pena ndi netiweki, ingosinthani mufunse za chinthu chaching'ono cha mu nkhani yake yomwe ija.

Zonsezi zitha kutha masabata atatu kapena anayi vakansi itatsekedwa ngati masiku mwawaika kale pa kalendala musanatulutse vakansiyo: masiku awiri owerenga, awiri oimba foni, limodzi la mayeso ndi intavyu, otsalawo ofufuza mapepala. Chomwe chimachedwetsa kulemba anthu m'maofesi athu nthawi zambiri si kuchuluka kwa makalata ayi, ndi kudikira kuti a panelo apezeke, wina ali ku wekishopu ku Mangochi, wina ali pa tchuthi, fayilo yakhala pa tebulo la bwana milungu itatu, nde pofika poti muimbe munthu wabwino uja anapita kale kwina. Wina akasowa pakhale womulowa m'malo yemwe mwamusankha kale. Ndipo musaonjezere masiteji chifukwa cha mantha, intavyu yachitatu ndi yachinayi sizikuuzani chatsopano. Pulobeshoni ilipo pa chifukwa chimenechi, lamulo lathu limalola mpaka miyezi 12 kwa ogwira ntchito zaluso ngakhale ambiri amaika itatu kapena isanu ndi umodzi, nde zinthu zitatu zinayi zija munalemba poyamba zija muzitulutse, mumupatse munthuyo sabata yoyamba, mukhale naye pansi mwezi uliwonse muone ngati zikuchitika.

Chotsala ndi kuyankha omwe sanapambane. Mzere uja timaika pansi pa vakansi woti tidzayankha okhawo osankhidwa unali ndi chifukwa nthawi ya masitampa, pano ma imelo onse ali mu tebulo limodzi ndipo kutumiza uthenga umodzi kwa anthu 400 ndi ntchito ya mphindi zochepa, bola muike ma adiresiwo pobisika kuti asaonane. Kusayankhaku nkomwenso kukupangitsa anthu kuponya makalata paliponse mosasankha, poti sadziwa ngati ina inafika nkomwe. Omwe anafika pa intavyu muwaimbire foni ndithu pasanathe sabata, muwauze chinthu chimodzi chomwe anachita bwino ndi chimodzi chomwe chinawachepera. Wachiwiri ndi wachitatu muwafunse ngati angalole kuti musunge mapepala awo miyezi isanu ndi umodzi, akavomera lembani tsiku lomwe avomerezalo, ndipo mpata wina wofanana ukatseguka muyambe kuimbira iwowo musanatulutse vakansi ina. Ma CV a ena onsewo, nthawi yomwe bungwe lanu linaika yosungira ikakwana, muwafufute mu imelo ndi mu tebulo muja, a mapepala muwaotche kapena kuwang'amba, asapezeke akukulungira zitumbuwa pa msika.